Mchemwali wa Ulusi

Malume anga a Dinkar akafika pakhomo n'kukana tiyi, dziwani kuti abwera ndi mlandu. Tsiku limenelo anakana tiyi, anakananso pohe, mpunga wophwanya wokazinga, amene amayi anali atangophula kumene. Anakoleka ambulera yawo yodontha pachitseko, n'kukhala pampando wa bambo ngati nyumbayi anamanga ndi iwo.

"Ketaki, tabwera ukhale apa. Mnyamata wako uja akuti ngongole ya nyumba ituluka liti?"

"Akuti sabata yamawa, malume."

"Sabata yamawa. Mwezi wathanso ankati sabata yamawa. Kodi ku banki kwakeko sabata imakhala ndi masiku angati?"

Amayi anaseka, koma ine ayi. Nkhani ya nyumba si yoseketsa kwathu. Akwawo kwa Tushar, mnyamata wangayo, atabwera kudzandiona, zonse zinayenda bwino. Ndinaperekera pohe osagwetsa kanthu, ndipo wansembe atafananiza nyenyezi zathu anati zagwirizana mochititsa nsanje. Koma bambo anga agulitsa anyezi mumsika wa Nashik moyo wawo wonse, ndiye amadziwa kuti wowola amabisala pansi pa thumba. Mkulu wanga anakwatiwira m'nyumba ya apongozi ake ndipo anabwerako ataonda ngati bango. Choncho bambo anaika lamulo limodzi pamaso pa alendo onse.

"Uyu yekha ayi. Mnyamata apeze kaye khomo lakelake. Banki ikavomera, tipatsana shuga wa chinkhoswe. Ikakana, aliyense azidya kwawo."

Amayi ake a Tushar, mayi Sulabha, sanatsutse. Anangomwetulira uku akuseweretsa makiyi amene amamanga pamfundo ya kumapeto kwa nsalu yawo ya sari.

Tushar anapeza fulati ya zipinda ziwiri mumsewu wa Gangapur, n'kuthirako ndalama zonse zimene anasunga chiyambire ntchito. Mwini wake anamupatsa mpaka chikondwerero cha mulungu Ganapati kuti abwere ndi chilolezo cha banki. Akachedwa, fulati ipita kwa wina, ndipo ndalama zoyambirazo zibwerera zitadulidwa pakati.

"Kale tinkangoona nyenyezi," anatero malume, akugogoda tebulo ndi chala. "Lero nyenyezi zitha kugwirizana kumwambako, pansi pano malikisi a ngongole ali m'matope. Aliyense wokongola ali nawo ngati mwana wasukulu. Ukamabweza bwino amakwera, ukachedwa amatsika, ndipo mabanki onse amaonera buku limodzi. Munthu wa malipiro ngati ake, banki ikamazengereza ndiye kuti pali chonunkha. Ndikufuna ndiwaone malikisiwo."

"Tushar alibe ngongole, malume. Ngakhale foni anagula ndi ndalama zapamanja."

"Ndiye aopa chiyani kundionetsa?"



*

Madzulo omwewo ndinamulembera Tushar.

"Malume akufuna aone malikisi ako."

Anawerenga pompo. Foni inaonetsa kuti akulemba, kenaka anasiya. Anayambanso, anasiyanso. Munthu amene amandiyankha ndisanatsitse chala, lero wasanduka mlembi wa kalata ya kukhoti. Potsiriza kunabwera mzere umodzi.

"Tikumane mawa paja timadya misal."

Ndinamupeza atafika kale, malaya atanyowa m'mapewa. Anali ataitanitsa mbale ziwiri za nyemba za tsabola zija timati misal, yanga yochepetsa tsabola monga ndimakondera. Ndinaikankhira pambali.

"Ali angati?"

"Idya kaye, Ketaki."

"Kwathu chakudya chilipo. Ali angati?"

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, pamene anali oyera kale.

"Ali pa 612."

"Banki imafuna angati?"

"Kuyambira 750. Koma kumayambiriro kwa chaka anali pafupi ndi 800, ndikulumbira."

"Ndiye enawo anatola ndi akhwangwala?"

Anafotokoza mothamanga ngati mwana amene waswa mtsuko. Banki yoyamba itamukana, anachita mantha n'kuthamangira ku mabanki ena atatu osandiuza. Sankadziwa kuti banki iliyonse ikatsegula mbiri yako chifukwa wapempha ngongole, malikisi amatsikako. Ukamagogoda makomo ambiri amati uli pamoto.

"Zimenezo ndamva. Koma yoyambayo inakukana chifukwa chiyani?"

Asanayankhe, foni yake inawala patebulo. Ine Mulungu anandimana msinkhu koma anandipatsa maso, ndimawerenga ngakhale zozondoka. Dzina linali Madhura, ndipo mawu anali akuti: "Usadandaule. Koma iyeyo usamuuze kaye."

Anaitembenuza foniyo, koma anali atachedwa.

"Iyeyo ndi ine?"

"Si zimene ukuganizazo."

"Sindinayambe kuganiza. Ndikayamba udziwa. Madhura ndi ndani?"

"Ndi mchemwali wanga."

"Ulibe mchemwali, Tushar. Nyenyezi zako ndinaziwerenga ndekha."

"Wa ulusi. Amandimanga rakhi, ulusi wa chibale uja, padzanja chaka chilichonse. Takulira bwalo limodzi ku Panchavati, bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Zaka ziwiri zapitazo anatsegula saluni, banki inafuna munthu womuimira, amayi anati ndisaine. Ndinasaina n'kuiwala. Tsopano wakhala miyezi ingapo osabweza, ndipo ukasainira munthu, kuchedwa kwake kumalembedwanso pa dzina lako ngati ndalamazo unadya ndiwe."

Achemwali a ulusi timawadziwa. Alipo enieni, amene mlongo wawo wa ulusi amawanyamulira katundu pa ukwati n'kuwalirira pamaliro. Koma aliponso amtundu wina. Mnyamata ndi mtsikana akayamba kuyang'anana nthawi yaitali pachitsime kapena pamakwerero, makolo amathamanga kukagula ulusi kuti auzimitse moto usanagwire denga.

"Anayamba kukumanga muli ndi zaka zingati?"

"Sindikukumbuka bwino."

"Munali ovala matewera, kapena unali utamera ndevu?"

"Ndinali nditamaliza sekondale."

"Eya. Anayambitsa ndani?"

"Amayi."

"Nanga anasiya liti kubweza?"

Anayang'ana m'mbale. "Mu Epulo."

"Mwezi umene munabwera kudzadya pohe kwathu."

"Zangochitikira pamodzi, Ketaki."

"Mapanga awiri avumbwitsa, Tushar. Taona mmene wanyowera."

Anandigwira dzanja pansi pa tebulo. Ndinafuna kulichotsa koma dzanja langa lili ndi nzeru zakezake.

"Fulati ija ukudziwa chimene ndinaisankhira? Khonde lake limayang'ana kum'mawa. Tsiku loyamba lija unati ukadzakhala ndi nyumba yako uzidzaumitsa tsitsi padzuwa popanda wokuuza kuti mkazi wabwino sachita zimenezo. Ndazungulira tauni yonse kufunafuna khonde limenelo. Munthu wa mapanga awiri amachita zimenezo?"

Ndinadya misal uja. Tushar ndinkamukonda, ndipo ndinakwiya kuti ndikumukonda pamene funso langa lenileni anali asanaliyankhe.

*

Nzeru yopita naye ku banki inali yanga. Ndinkati poti nanenso ndimalandira malipiro, aikepo dzina langa pambali pa lake, loyera lichape lakuda. Mayi wa pa desiki ya ngongole anatenga khadi langa, anadinadina pakompyuta, kenaka anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Inu mulibe malikisi."

"Ndiye kuti ndili pa ziro?"

"Ayi, mulibe basi. Simunakongolepo chilichonse?"

"Kwathu ngongole timaiona ngati matenda. Bambo anga sanakongolepo ngakhale rupi imodzi."

Ndinanena monyadira, monga bambo amanenera akakhuta. Mayiyo sanasangalale nazo.

"Ndiye ife sitikudziwani. Munthu amene sanabwerekepo, tidziwa bwanji kuti amabweza? Malipiro anu athandizako, koma sangafufute zimene zalembedwa pa bambowa."

Taonani dziko! Tushar akumukana chifukwa cha ngongole imene sanadye, ine akundikayikira chifukwa sindinakongole. Ndinafunsa chimene chingachitike mayi wa saluniyo atabweza zonse zotsalira.

"Chipsera chimakhalabe, malikisi sakwera tsiku limodzi. Koma zikabwezedwa mwezi uno, n'kutibweretsera umboni, abwana atha kuionanso nkhaniyi poti bambowa anangoimira. Chiwongoladzanja chikhala chokwerako. Koma achenjere, ngongole imeneyo yatsala ndi zaka zitatu. Akadzachedwanso mwezi umodzi, dzina la bambowa lidzagwanso."

Titatuluka, Tushar anatsegula ambulera kuti tifunde tonse. Ndinayenda pamvula. Dzina la mwamuna amene ndikufuna kukwatiwa naye linali m'chikwama cha mkazi wina, ndipo likhala momwemo zaka zitatu.

*

Loweruka ndinapita kukakonzetsa nsidze. Nsidze zanga zinalibe vuto, koma ndinadutsa masaluni asanu a kufupi ndi kwathu mpaka kukafika ku Panchavati.

Ndinkayembekezera kupeza malo ogwa, mipando yong'ambika, mwini wake akuwodzera. Ndinapeza mipando yonse ili ndi anthu, ena atakhala pabenchi kudikira, ndipo atsikana awiri antchito akuthamangathamanga. Pakhoma panali galasi latsopano losachotsa n'komwe mapepala a m'makona. Saluni imeneyo sinali yosowa ndalama.

Madhura ndinamudziwa asanatchulidwe. Wamtali, woyenda mosapupuluma, tsitsi lofika m'chiuno. Ndikanakonda ndikanati ndi wonyansa, koma bodza ndimaliopa.

"Awa ndiwakonza ndekha," anauza mtsikana wake. "Khalani apa, a Ketaki."

"Mwandidziwa bwanji?"

"Chithunzi chanu chinazungulira bwalo lonse akuluakulu asanapite kwanu. Pachithunzi munali oyererako."

Anandigoneka mutu, analuma ulusi ndi mano, mbali ina anaipota m'zala, n'kuyamba kundizula nsidze. Munthu sungakangane bwino utagona chagada, chikope utachikoka wekha, mdani wako ali pamwamba pako ndi ulusi. Misozi inkatuluka yokha.

"Zikupweteka?"

"Ayi."

"Ulusi umapweteka, musanamizire. Ine ndaugwira zaka zambiri, ndimaudziwa."

"Bizinesi ikuyenda, ndikuona."

"Mulungu ngwabwino."

"Nanga banki Mulungu ameneyo sakuidziwa njira yake?"

Ulusi unaima. Mayi wina pampando wapafupi anatembenuza mutu, utoto uli m'tsitsi. Madhura anaseka pang'ono, ulusi uli m'mano.

"Tushar wakuuzani. Ndinamuuza kuti adikire."

"Tushar? Ndimayesa mumati achimwene."

"Pakamwa pamazolowera zimene pazolowera."

"Mukudziwa kuti chifukwa cha inu fulati itipulumuka?"

"Fulati, fulati. Nyumba ya ku bwalo kwathu ili ndi zipinda zinayi, anamanga ndi agogo ake. Ili ndi chiyani, nsikidzi?" Anawerama mpaka ndinamva fungo la mafuta a m'tsitsi mwake. "Ine musandide, a Ketaki. Chiyambire ndili mtsikana ndimachita zimene ndauzidwa. Akati manga, ndimamanga."

"Ndiye ine ndikukuuzani kuti mubweze ngongole."

"Inu simunafike poti n'kundiuza. Shuga mwadya kale?"

Anandipatsa galasi. Nsidze anazikonza bwino kwambiri, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa. Nditatulutsa ndalama anakana.

"Alamu salipira," anatero. "Mukadzakhaladi alamu."

Ndinaziika patebulo n'kutuluka. Ndisanafike pokwerera basi, uthenga wa Tushar unali utafika kale: "Unapitiranji kumeneko?" Ndiye kuti anamuimbira ndisanatseke n'komwe chitseko. Ndinayankha kuti, "Nsidze." Iye anati, "Madhura walira." Ndinayankha kuti, "Inenso ndinalira, koma sunandifunse."

*

Ndinkaganiza zobisira malume, koma galu wamkota sakandira pachabe. Lamlungu anabwera, ndipo ulendo uno tiyi anamwa, kusonyeza kuti mlandu anali ataufufuza kale. Anadikira kuti bambo apite kukachisi, n'kundiitanira pakhonde.

"Ndinali ku Panchavati dzulo. Wogulitsa maluwa pakona paja ndi mnzanga wakalekale. Nsidze zakukhala, mwana wa mlongo wanga."

Ndinati ndiyambe kufotokoza, koma anakweza dzanja.

"Usandiuze, ndikudziwa zonse. Saluni, kusaina, miyezi yosabweza. Bambo ako akamva mawu akuti ngongole yosabwezedwa, nkhani yathera pomwepo, ukuwadziwa."

"Sanadye ndi iye ndalamazo, malume."

"N'chifukwa chake ndikulankhula ndi iwe, osati ndi bambo ako. Mnyamata wosainira mlongo wake ndi wopusa, koma kupusa kwa mtundu umenewo kumachizika. Ineyo ndinasainirapo amayi ako asanakwatiwe, akanathawa ndikanalira. Koma mnyamata wosainira mkazi amene si mlongo wake, ameneyo malikisi ake ngakhale atafika 900 sindingamupatse mwana."

"Akuti ndi mchemwali wake."

"Akuti. Wogulitsa maluwa akuti zina. Akuti ali achinyamata awiriwo ankapezeka padenga madzulo aliwonse, mpaka mayi Sulabha anakagula ulusi pa iye yemweyo." Anamwa tiyi mofatsa. "Mwezi ukhala wathunthu Lachinayi, ndi tsiku la rakhi. Amayi ake akuitana, eti?"

"Andiitana kukadya mpunga wa kokonati."

"Upite. Mkazi amene mtima wake uli pa mwamuna, ndipo waona kuti mpata watseguka, samanga ulusi pamaso pa mkwatibwi. Akamanga iwe ukuona, unditumizire chithunzi cha dzanjalo. Zotsalira zonse ku banki ndikalipira ine Lachisanu m'mawa, tidzawerengerana pambuyo, ndipo bambo ako sadzamva kanthu. Akapanda kumanga, dzina la mnyamatayo lisadzamvekenso m'nyumba muno."

"Malume, ukwati wanga ulendewere pa kaulusi?"

"Panopa ukulendewera pa siginecha. Ulusi ndi wolimbako."

Madzulo ndinamuuza Tushar zonse. Anaseka, kuseka kwa munthu amene wapepukidwa.

"Basi? Amandimanga chaka chilichonse. Ubwere udzaone ndi maso ako, kenaka udzandipepese."

"Ndikadzaona ndidzapepesa."

"Udzagwada?"

"Usapitirire malire."

Ndinagona ndi mtima wopepuka kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo.

*

Lachinayi mvula inakata. Bwalo la kwawo kwa Tushar linali lodzaza ndi ana ovala zatsopano, anyamata akuonetsana manja kuti wamangidwa ulusi wambiri ndani. Ndinavula nsapato pakhomo, ndinagwira mapazi a mayi Sulabha, iwo anandisisita pamutu.

"Wafika, mwanangu. Waiona nyumba yathu? Yakalamba koma siidontha. Mwana wanga akapita ku fulati kwanuko, ine muno ndizicheza ndi abuluzi."

"Tizibwera Lamlungu lililonse, amayi."

"Lamlungu," anatero, ngati akulawa ndiwo zosakolera mchere.

Madhura analowa osagogoda. Anavala sari yobiriwira, m'manja atanyamula mbale yamkuwa ya mwambo. Ndinaiyang'anitsitsa mbaleyo ngati wapolisi. Munali kanyale, utoto wofiira wa pachipumi, mpunga, maswiti, ndipo pakati penipeni panali ulusi wofiira wa kamkanda kagolide. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinayamba kukonza mawu opepesera.

"Ika mbaleyo pa guwa ilandire kaye madalitso," anatero mayi Sulabha. "Inu awiri kandiphulireni mpunga, msana wanga wakana."

Tinalowa kukhitchini. Madhura sanafunse pamene pali chikombe, pamene pali nsalu yophulira, pamene pali mbale za alendo. Dzanja lake linkangopita lokha. Ine ndinaima ngati mlendo, poti ndinalidi mlendo.

"Mumanga?" ndinamufunsa motsitsa mawu.

"Ulusi mwauona nokha."

"Ndafunsa ngati mumanga."

"Chaka chilichonse ndimamanga, ndipo chaka chilichonse ndikafika kunyumba sindidya." Anavundukula poto, nthunzi inamuphimba nkhope. "Mwakhutira?"

Sindinakhutire. Ndinamumvera chisoni, ndipo chisonicho chinandiopsa kuposa mkwiyo.

Titabwerera, Tushar anali atakhala kale pa kampando kathabwa, kachipewa koyera kali kumutu, dzanja lamanja atalipinda malaya mpaka m'chigongono. Ananditsinzinira diso limodzi. Ndinatulutsa foni n'kutsegula kamera.

Madhura anayatsa kanyale. Anamupaka utoto pachipumi, anamatapo mpunga, anazunguza mbale pamaso pake. Kenaka anapisa dzanja pakati pa mbale, ndipo dzanjalo linaima.

"Ulusi uli kuti?"

Anasuntha maswiti, ananyamula kanyale, anayang'ana pansi. Panalibe.

"Mwina mphaka," anatero mayi Sulabha.

"Amayi, ife tilibe mphaka," anatero Tushar.

"Wa aneba. Kapena ana aja, akhala akulowa ndi kutuluka."

"Pakona akugulitsa," ndinatero ine. "Ndithamange ndikagule wina."

"Ayi, mwanangu. Ulusi wosagona pa guwa sumangidwa m'nyumba muno. Ndiponso nthawi yabwino imene wansembe ananena ikutha. Chaka chino chapita, adzamanga chaka chamawa. Chibale sichithera pa ulusi."

Ndinamuyang'ana Madhura ndi diso loti ndakugwira. Ndinali wotsimikiza kuti waubisa m'bulauzi. Koma nkhope yake inali itatuwa, ndipo sankayang'ana ine kapena Tushar. Ankayang'ana mayi Sulabha.

"Tiyeni tidye," anatero mayiwo. "Ndikutulutsireni mbale zasiliva, lero tili ndi mlendo."

Anapita pa kabati, anakoka kumapeto kwa sari yawo, n'kumasula mfundo ya makiyi. Makiyi anagwera m'dzanja. China chake chofiira chinatsetsereka n'kugwa pansi, kamkanda kagolide kanalira pa simenti, kanagubuduka pang'ono n'kuima pakati pathu.



Madhura ndiye anayamba kulankhula, motsitsa, ngati akuuza ine ndekha. "Ndinakuuzani. Akati manga, ndimamanga. Akati usabweze kaye mpaka Ganapati adutse, sindibweza."

Apo m'pamene ndinaona zonse. Sabata yonse ndinkasaka mbala kubwalo pamene inali m'nyumba, itakhala pa mpando wa ulemu. Mayi Sulabha sankafuna fulati. Tsiku lija anamwetulira pamaso pa bambo anga, kenaka anabwerera kwawo n'kupeza pofewa pa dzina la mwana wawo yemwe. Banki ikakana, bambo anga akana, mwana akhala pakhomo. Ndipo mtsikana amene anamutsekera njira ndi ulusi kalekale, lero ali ndi saluni yodzaza, amadziwa pokhala chikombe, ndipo sadzapempha khonde loyang'ana kum'mawa. Anangotsala kumumasula.

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndikanawatani, mayi a mwamuna amene ndikumufuna?

Iwo sanachite n'komwe manyazi. Anamanganso makiyi awo modekha.

"Wagwa pansi, wadetsedwa," anatero. "Sungamangidwenso."

"Tushar," ndinatero. "Utole. Umupatse Madhura. Ine za kudetsedwa ndilibe nazo ntchito, malume akufuna dzanja lomangidwa basi."

Anadzuka pa kampando paja. Anawerama n'kuutola, anaupukuta fumbi ndi chala. Chimene chinatsala chinali chaching'ono: kutambasula dzanja limodzi, n'kupereka ulusi ndi linalo. Madhura anali pafupi, manja ake ali pambali, osawatambasula komanso osawabisa.

"Mwanangu," anatero mayi Sulabha, osakweza mawu. "Bambo ako anafera m'chipinda icho."

Tushar anayang'ana amayi ake. Anayang'ana Madhura, ndipo anamuyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene munthu amayang'anira mchemwali wake. Ine anandiyang'ana pomaliza.

"Ketaki, tikambirana bwino. Osati lero, osati pamaso pa anthu."

Anaupinda ulusi uja n'kuuika m'thumba la malaya, la pachifuwa. Kenaka anatsitsa mkono wa malaya mpaka unaphimba dzanja.

Kaya anachita zimenezo kuti amayi ake asanyozeke, kaya mtima wake unapumula kuti chaka chino sanamangidwe, sindinathe kudziwa. Ndinamuyang'anitsitsa nkhope imene ndinkati ndimaidziwa, koma sinandiuze kanthu.

"Khala pansi udye, mwanangu," anatero mayi Sulabha, akundipakulira mpunga m'mbale yasiliva. "Udye ukhute, kwanu n'kutali."

Foni inanjenjemera m'dzanja langa, kamera ikadali yotsegula. Anali malume.

"Chithunzi chili kuti?"

Ndinalemba kuti, "Wamanga." Ndinafufuta. Ndinalemba kuti, "Sanamange," koma chala chinakana kutumiza. Ndili chiimire choncho foni inayamba kulira, dzina la malume likuwala, ndipo onse atatu anatembenuka kundiyang'ana kuti amve chimene ndinene.